Kudzutsa thirakitala yakale ku Kasungu: tiike power steering kapena ayi? Mafunso ndi mayankho

Kuno ku Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Chamama ndi ku Chulu, mathirakitala akale sasowa. Ambiri anabwera zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pamene maesiteti a fodya ankachuluka m'bomali, ndipo ena mpaka lero angokhala pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa. Amene akuwagula n'kuwadzutsa masiku ano ndi alimi a soya, mtedza ndi chimanga, komanso anyamata ofuna kumalimira anthu pa ndalama. Injini ikangolira, nkhani yotsatira imakhala ya chiwongolero: kuika kapena kusaika power steering, chipangizo chothandiza dalaivala kupukusa chiwongolero mopepuka. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza makamaka makina ang'onoang'ono monga Massey Ferguson 35 ndi 135, Ford 3000, ndi timathirakitala ta ku Japan.

Chiwongolero cha thirakitala yanga n'cholemera zedi. Kodi ndingoika power steering basi?

Musathamangire kugula, yambani mwatenga jeke. Massey Ferguson 135 inayamba kupangidwa mu 1964, imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndipo kulemera kochuluka kuli pa matayala akumbuyo. Ambiri mwa mathirakitala amenewa anatuluka ku fakitale opanda power steering, koma madalaivala a m'maesiteti ankaswera nawo m'munda kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka. Choncho ngati yanu ikufuna kuti muchite kudzuka pampando ndi kukoka ndi manja awiri kuti ikhote, pali chimene chadwala kutsogoloko.

Imikani thirakitala pamalo athyathyathya, tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala, kwezani kutsogolo mpaka matayala onse awiri asiye nthaka, ndipo muike zipika zolimba pansi pa ekiselo, chifukwa jeke payokha si yodalirika. Kenaka pukusani chiwongolero kumanzere mpaka kumapeto, n'kubwerera kumanja. Chikuyenera kuzungulira ndi dzanja limodzi, mosagwiragwira. Chikamalemerabe matayala ali m'malere, ndiye kuti vuto si kusowa kwa power steering. Masulani ndodo zimene zimachoka ku bokosi la chiwongolero kupita ku mawilo, muyesenso chiwongolero pachokha, kenaka mukankhe wilo lililonse ndi manja. Pamenepo mudziwa ngati cholimba chili m'bokosi, kumanzere kapena kumanja.

Kuika pampu pa chiwongolero chakutha kuli ngati kumwa panado dzino lili lobooka. Manja anu apumula ndithu, koma zitsulo zimene zinali kukhulana zipitiriza kukhulana, tsopano zikukankhidwa ndi mphamvu ya oyilo, ndipo simudzamvanso kuti zikutha mpaka tsiku limene china chidzathyoke muli pa msewu ndi ngolo yodzaza mabelo.

Nanga kulimbako kumabisala pati kawirikawiri?

Malo oyamba ndi ma kingpin, zitsulo zoimirira zija zimene wilo lakutsogolo limakhoterapo. Kunsi kwa kingpin iliyonse kuli bering'i yosenza kulemera kwa kutsogolo, ndipo m'kati muli mabushi. Dothi la kuno lili ndi mchenga wambiri. M'chilimwe limauluka n'kulowa paliponse, m'dzinja limalowa pamodzi ndi madzi. Mukamasula kingpin ya thirakitala imene yatha zaka osalawa girisi, mupeza kabowo kopopera girisi katatsekeka ndi dothi, girisi wakale atauma gwa, ndipo bering'i ija itasanduka tizidutswa ta dzimbiri timene timangokhuthukira m'manja mukaigwedeza. Apo ndiye kuti chitsulo chakhala chikudya chinzake. Mabushi ndi mabering'i amenewa ndi zina mwa zida zotsika mtengo pa thirakitala yonse, ndipo akasinthidwa anthu ambiri amaiwaliratu za power steering.

Malo achiwiri ndi bokosi la chiwongolero. Thirakitala yogona panja imamwa madzi a mvula kudzera pamwamba pa chiwongolero, ndipo madziwo amatsetsereka ndi ndodo yake mpaka m'bokosi. Tsegulani pothirira oyilo muone. Nthawi zina mumapezeka mopanda kanthu, nthawi zina oyilo wotuwa wosakanikirana ndi madzi. Ena poona kuti oyilo akudontha amangodzaza bokosilo ndi girisi wolimba, koma girisi wotere amakankhidwira m'mbali, pamene pakukhulana zitsulo n'kutsala pouma. Sinthani seal (kamphira kotsekera oyilo) imene ikudonthetsa, muthire oyilo wa magiya amene buku la thirakitalayo limanena, ndipo usiku muziphimba chiwongolero ngakhale ndi thumba la feteleza.

Onaninso mfundo za kumapeto kwa ndodo, zija amakaniko amati ma tie rod end, ndi pini yaikulu ya pakati imene ekiselo imapendekerapo. Izi zikatha, chiwongolero chimakhala ndi mpata: mumapukusa pang'ono mawilo osayankha, ndipo pa msewu thirakitala imayenda mozembazemba.

Matayala angalemetse chiwongolero?

Kwambiri. Makina amenewa anapangidwira matayala akutsogolo opyapyala a mizere itatu, ambiri a saizi ya 6.00-16. Popeza atsopano ndi okwera mtengo, anthu amavekapo matayala akale a galimoto zonyamula katundu chifukwa nawo ndi a rimu ya 16. Amalowa ndithu, koma ndi otambalala, amagwira nthaka malo aakulu, ndiye kukhota kumavuta, ndipo m'dothi lofewa amatsetsereka m'malo moluma. Mpweya nawonso ukachepa vutolo limakula. Matayala akutsogolo amafuna mpweya wa pafupifupi ma bar 2. Yezani ndi geji, osati kungomenya ndi phazi.

Chinanso ndi kayang'anidwe ka mawilo. Akuyenera kuyandikana pang'ono kutsogolo kusiyana ndi kumbuyo, mwina ndi mamilimita atatu basi. Chingwe ndi tepi yoyezera zimakwanira pa ntchito imeneyi. Ndipo ngati wina anapachika kutsogolo zitsulo zolemera kapena konkire kuti thirakitala isamadzuke ndi pulawo, chotsani zimene sizikufunika pa ntchito ya tsikulo.

Kayendetsedwe nakonso kalipo. Chiwongolero chopanda pampu sichifuna kupukusidwa thirakitala itaima. Isiyeni iyende pang'ono, mawilo akugubuduzika, mudzaona kupepuka kwake. Kumapeto kwa munda, buleki ya mbali imodzi ndiyo imathandiza kutembenuka pamalo aang'ono. Mukatulukira pa msewu, mangani zopondera ziwirizo pamodzi.

Ndamva kuti power steering ilipo ya mitundu ingapo. Kusiyana kwake n'kotani?

Mtundu woyamba ndi wongothandizira. Bokosi lakale ndi ndodo zake zimakhala momwemo, kenaka amawonjezera pampu, kathanki ka oyilo, valuvu ndi ramu (chitsulo chofutukuka ndi mphamvu ya oyilo) imene imakankha pamodzi ndi inu. Ubwino wake ndi woti chiwongolero ndi mawilo zikadali zolumikizana ndi zitsulo, ndiye lamba wa pampu akaduka mumafikabe kunyumba. Kuipa kwake ndi koti mpata uliwonse umene uli m'bokosi lakale umakhalapobe. Ena mwa ma 135 ndi ma Ford 3000 anatuluka ku fakitale ali ndi mtundu umenewu, kwa amene anaitanitsa choncho.

Wachiwiri ndi wa oyilo yekhayekha. Pansi pa chiwongolero pamakhala chipangizo chija amati orbitrol, chimene chimatumiza oyilo m'mapaipi kupita ku ramu, ndipo palibenso ndodo yachitsulo pakati pa manja anu ndi mawilo. Umenewu ndi umene uli m'mathirakitala ambiri amakono. Ndi wopepuka kwambiri, ndipo wilo likagunda chitsa chiwongolero sichikubwezerani. Koma chilichonse chimadalira mapaipi ndi oyilo.

Wachitatu ndi wamagetsi, wa kamota kochotsedwa m'galimoto zing'onozing'ono.

Bwanji osangotenga oyilo ku pampu imene ilipo kale ya lifiti, ija yokwezera pulawo?

Pa Massey Ferguson 35 ndi 135 pampu ya lifiti ili m'kati, pansi pa mpando, ndipo imazunguzidwa ndi shafiti ya PTO, ija yozunguza zipangizo zomangidwa kumbuyo kwa thirakitala. Mukaponda klatchi mpaka pansi, pampuyo imaima. Tsono taganizani zimene zimachitika kumapeto kwa mzere: mukuponda klatchi, mukukweza pulawo, mukukhota, zonse nthawi imodzi. Nthawi yomwe chiwongolero chikufuna thandizo kwambiri ndi yomwe oyilo akusowa kapena akupita ku lifiti. Oyilo wakenso ndi yemwe uja akusambitsa magiya ndi ekiselo yakumbuyo, amakhala ndi tizitsulo timene valuvu ya chiwongolero siigwirizana nato.

Chiwongolero chikhale ndi pampu yakeyake yoyendetsedwa ndi injini mwachindunji, kaya ndi lamba kaya ndi magiya a kutsogolo kwa injini, komanso kathanki kake ndi sefa yake. Pa makina amene pampu yawo yaikulu imazungulira nthawi zonse injini ikamalira, n'zotheka kugawana oyilo, koma pamafunika valuvu yopereka oyilo ku chiwongolero choyamba, zotsala n'kumapita ku lifiti.

Makaniko wina akuti andiikira yamagetsi ya mu Toyota Vitz. Ndivomere?

Zimatheka, ndipo zida zake zimapezeka mosavuta kwa ogulitsa masipeyala a galimoto zophwasula. Sizifuna pampu, mapaipi kapena oyilo. Komabe musanavomere yang'anani magetsi a thirakitala yanu. Kamota kameneka pokhota mwamphamvu kamatha kukoka ma amp 30 kapena kuposa. Dayinamo yakale ya Lucas yotchajira batire imatulutsa ma amp ongopitirira 20 pang'ono, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono imatchaja mochepa kwambiri. Ndiye pafunika alternator, imene imatchaja mwamphamvu kuposa dayinamo, batire labwino, mawaya okhuthala ndi fyuzi. Ena mwa ma Ferguson akale kwambiri analumikizidwa mbali ya positive ku chitsulo cha thirakitala, ndipo amenewo ayenera kutembenuzidwa kaye.

Tinenenso zoona za mmene makina ambiri akuyendera m'midzi muno. Injini ya dizilo ngati Perkins ikalira siifunanso magetsi, choncho eni ake ambiri batire amabwereka m'mawa, kapena amaimika thirakitala pamtsetse kuti adzailize moikankha. Ngati yanu ili m'gulu limeneli, chiwongolero chamagetsi chidzakhala chongolemetsa. Kabokosi kake ka kompyuta kanapangidwira kukhala m'kati mwa galimoto, kouma ndi kopanda fumbi, osati pa dzuwa la Okutobala ndi mvula ya Januwale. Timabokosi tina timafunanso uthenga wa liwiro la galimoto kuti tigwire bwino, ndiye makanikoyo akuuzeni mmene athanire nazo. Ndipo mphamvu yonse ya kamotako imadutsa m'bokosi lakale lija, limene linapangidwira mphamvu ya manja a munthu.

Ine ndingaivomere pa kathirakitala kopepuka kogona m'shedi, kamene magetsi ake ali bwino. Pa thirakitala yolima tsiku ndi tsiku, ya oyilo ndiyo yopirira.

Ndiye ndani amene akufunikiradi power steering?

Woyamba ndi amene waika loda kutsogolo, yotapira manyowa, mchenga kapena dothi la njerwa. Katundu yense wa m'chidebe amatsamira pa matayala akutsogolo, ndipo ntchito yake ndi ya kutsogolo, kumbuyo, kukhota, pa liwiro lochepa. Apa palibe zokambirana: ikani, ndipo muonetsetse kuti ekiselo ndi ma kingpin zili zolimba.

Ntchito zimene mathirakitala ambiri a kuno amagwira n'zosiyana ndi zimenezo. Pulawo kapena rija ikakwezedwa kumbuyo, kutsogolo kumapepuka. Ngolo ya matayala awiri yonyamula nkhuni za ku mabani, matumba a chimanga kapena mabelo opita ku msika wa fodya wa Chinkhoma nayonso imatsamira kumbuyo. Pa ntchito zoterezi chiwongolero chokonzedwa bwino chimakwanira.

Wachiwiri ndi wolimira anthu. Minda ya m'midzi ndi ya ekala imodzi kapena ziwiri, yokhotakhota, ya zulu ndi zitsa, ndipo kawirikawiri mumadutsa mopingasa mizere ya chaka chatha. Kutembenuka kumakhala kosawerengeka pa tsiku, ndipo dothi louma la mu Seputembala limagwedeza mawilo mpaka m'mapewa. Dalaivala wotopa amalima mokhota ndipo amafulumira kuweruka. Ngati thirakitala ndi bizinesi yanu, ndalama ya power steering imabwerera.

Wachitatu ndi mwini makina amene thupi likumuvuta: abambo achikulire a mapewa opweteka, kapena aliyense amene chiwongolero cholimba chikumulepheretsa kuyendetsa yekha mpaka kumalemba dalaivala. Chimenechi ndi chifukwa chokwanira, ndipo palibe chochititsa manyazi.

Kwa onse otsala ndi chiwongolero chakale, chala chachikulu chizikhala kunja kwa chiwongolero, osati m'kati. Wilo likagunda chitsa, chiwongolero chimabwerera mwamphamvu moti chimatha kuthyola chala.

Zimadya ndalama zingati, ndipo zida ndikazipeza kuti?

Mtengo umatsatira dola, chifukwa zida zimenezi zimachokera kunja, makamaka ku India, Pakistan, Turkey ndi UK. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa chinakwera, ndiye mtengo umene mnzanu anagulira chaka china sungakuthandizeni kupanga bajeti. Funsani m'mashopu a zida za mathirakitala ku Lilongwe, malo angapo, ndipo a ku Mchinji angayerekezenso ndi mitengo ya ku Chipata. Mwayi wa eni Massey Ferguson ndi woti kampani ya Millat ku Pakistan ndi ya TAFE ku India zakhala zikupanga mathirakitala a mtundu womwewu, choncho zida zake sizinasowe pa msika.

Popita kogula tengani nambala ya thirakitala ndi ya injini, ndipo mujambule ekiselo yakutsogolo pa foni. Ma 135 ena ali ndi ekiselo yokhotera kumbuyo, ena yowongoka, ndipo zomangira ramu zimasiyana.

Koma ngati ndalama ndi yoperewera, power steering ikhale kumapeto kwa mzere. Mabuleki ayambe, chifukwa ngolo yodzaza imakankha thirakitala pamtsetse. Kenaka lifiti imene ikugwetsa pulawo, ma injector opopera dizilo mu injini, rediyeta yotsekeka, ndi matayala akumbuyo, amene ndi okwera mtengo kuposa zonsezi. Ndimamva chisoni kuona thirakitala yopepuka chiwongolero koma ikufuka utsi wakuda ndi kuwira madzi isanamalize ekala.

Owotcherera a pa boma sangandipangire zomangira ramu, n'kutenga pampu ya galimoto yakale?

Chomangira pampu angapange, bola lamba ayende mowongoka. Pampu ya galimoto nayonso imagwira ngati liwiro lake ndi mphamvu yake zikugwirizana ndi ramu. Chovuta chili pa mkono wa chiwongolero ndi pa kingpin: zitsulo zimenezi musalole kuti aziwotcherere kapena kuzitenthetsa kuti zipindike. Moto umazifooketsa m'kati, kunja zikuoneka bwinobwino. Ramu imangiriridwe ndi mabawuti olimba pa chitsulo chokhuthala, ndipo kutalika kwa kayendedwe kake kufanane ndi mmene mawilo amakhotera. Ikapitirira, imakankha mawilo kudutsa poimira pawo n'kupinda ndodo. Valuvu yochepetsa mphamvu ya oyilo isasowe, ndipo mapaipi akhale a hayidiroliki enieni ofinyidwa ndi makina kumapeto, osati paipi wamba yomangidwa ndi waya.

Injini ikazima ndili pa msewu, chiwongolero chigwirabe?

Pa mtundu wongothandizira ndi wamagetsi, inde, kungoti chimalemera mwadzidzidzi. Pa wa orbitrol, chipangizocho chimasanduka kapampu ka manja, ndiye mumatha kukhota movutikira bola oyilo alimo. Paipi ikaphulika oyilo n'kutayika, mawilo sakumveraninso. N'chifukwa chake mapaipi a mtundu umenewu ayenera kudutsa kutali ndi ekizozi ndi pamene angakhulike, ndipo musatsike mtsetse injini mutazimitsa pofuna kusunga dizilo.

Chiwongolero chopepuka chili ndi msampha winanso. Makina akalewa ambiri alibe chitsulo chotchinjiriza dalaivala akagubuduzika, ndipo kukhota mofulumira pa liwiro kumawagwetsa. Chifukwa choti mwana wa zaka 12 angathe kupukusa chiwongolero si chifukwa chomupatsira makiyi.

Yanga ndi kathirakitala ka ku Japan. Yankho ndi lomwelo?

Timathirakitala ta Kubota, Yanmar ndi Iseki timene timabwera titagwirako kale ntchito tinapangidwira minda ya mpunga, tili ndi chotipulira kumbuyo, ndipo tambiri ndi ta mphamvu ya mahatchi 15 mpaka 25. N'topepuka, ndiye chiwongolero chikalimba yambani ndi bokosi, chifukwa madzi a mvula amawononga timipira tachitsulo ta m'kati mwake. Pampu ya chiwongolero imadya mphamvu ya hatchi imodzi kapena awiri pokhota. Pa Perkins ya mahatchi pafupifupi 45 simungazindikire, koma pa injini ya 15 zimamveka. Malo omangira pampu nawonso ndi ochepa. Timene timakoka ndi mawilo onse anayi ndi timene timalemerako, makamaka pa nthaka youma; pa msewu chotsani giya ya mawilo akutsogolo.

Timathirakitala tomwetera kapinga ta m'malo ogona alendo ndi m'masukulu sitifuna power steering n'komwe, kupatula ngati mwaikapo chonyamulira kutsogolo. Ena monga John Deere 318, imene inatuluka mu 1983, anabwera nayo kale kuchokera ku fakitale. Otsalawo girisi ndi mabushi atsopano zimawakwanira.

Ndikasintha, mtengo wake sudzatsika podzagulitsa?

Ku UK kuli anthu osunga mathirakitala akale amene amafuna chilichonse chikhale monga chinatulukira ku fakitale. Wogula wa ku Mtunthama kapena ku Kamwendo amamvetsera injini, amayesa lifiti, amayang'ana matayala. Power steering yoikidwa mwaudongo imamukopa. Yodontha oyilo, ya mawaya olendewera, imamuthawitsa. Zida zimene mwachotsa zipakeni oyilo muzisunge, ndipo pewani kudula chilichonse chimene simungabwezeretse.

Ndikaika, ndiziisamala bwanji?

Thirani oyilo amene wopanga zidazo wanena, kaya ndi ATF (oyilo wa magiya a galimoto za otomatiki) kaya wa hayidiroliki. Oyilo wakuda wochotsedwa mu injini ndi mafuta a mabuleki zimawononga ma seal. Mukangomaliza kuika, kwezani kutsogolo ndi jeke, lizani injini, pukusani uku ndi uku kangapo kuti mpweya utuluke, n'kuwonjezera oyilo. Musamagwire chiwongolero kumapeto kwenikweni nthawi yaitali. Kulira kuja mumamva ndi valuvu ikutaya mphamvu, oyilo akutentha. Pukutani fumbi pa chivundikiro musanatsegule kathanki. Ma kingpin apitirize kulandira girisi monga kale, makamaka tsopano pamene manja anu sangakuuzeninso kuti auma.

Paipi ikamadontha musafufuze ndi chala injini ikulira. Oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono amatha kuboola khungu n'kulowa m'thupi. Gwiritsani ntchito kachidutswa ka katoni, ndipo zikachitika pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likuoneka laling'ono.

Ntchito imeneyi ndiigwire liti?

Pakati pa Juni ndi Ogasiti, mutagulitsa mbewu, kugaula kusanayambe. Zida zoitanitsa zimachedwa, ndipo zina zimafika zosagwirizana ndi ekiselo yanu n'kufunika kubweza. Mukamaliza, yambani ndi ntchito zopepuka monga kututa njerwa kapena manyowa kwa sabata zingapo, mukuyang'ana podontha ndi kumanganso mabawuti, kuti pofika Okutobala, pamene aliyense akufuna munda wake ulimidwe mvula isanagwe, thirakitala isakhale ili pa zipika.